Kusamalira Dimba la Pakhomo M'nyengo Yozizira

M'Chichewa timasiyanitsa munda ndi dimba. Munda umadalira mvula, pamene dimba limadalira munthu wonyamula madzi. Ngakhale mneni "kuthirira" akusonyeza zimenezi: akuchokera ku "kuthira", ndipo mphatikiram'mbuyo -ir- akutanthauza kuchitira chinthu china ntchito. M'nkhani ino ndifotokoza m'mene banja lingasamalire dimba kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, potengera zomwe ndaona kwathu ku Dedza. Mfundo yanga ndi yakuti nyengo yozizira ndi nyengonso yopanda mvula, choncho ndiwo za banja zimadalira kathiriridwe.

Poyamba, tisankhe mbewu zoyenera. Mpiru, repu, kabichi, anyezi, karoti ndi nsawawa zimakonda kuzizira. Tomato ndi nyemba sizipirira chisanu, ndipo masamba ake amatha kupserera usiku umodzi wokha.

Nthawi yabwino yothirira ndi m'mawa dzuwa litangotuluka. Tikathirira madzulo kwambiri, masamba amagona onyowa, ndipo chinyezicho chimabweretsa matenda monga chiwawu pa tomato. N'chifukwa chake madzi tiziwathira patsinde osati pamasamba. Tisathirenso chifukwa cha chizolowezi chabe. Popeza dzuwa silitentha kwenikweni, nthaka imachedwa kuuma. Pisani chala m'dothi: ngati m'kati muli monyowa, dikirani kaye. Kuthirira mokwanira masiku angapo pa sabata kumathandiza mizu kulowa pansi, pamene kuwaza timadzi tsiku lililonse kumasiya mizu pamwamba. Nazale yokha ndiyo imafuna madzi tsiku ndi tsiku, chifukwa mbande zili ndi mizu yaifupi. Kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kapena mapesi kumasunga chinyezi, ndipo maulendo akuchitsime amachepa.

Chisanu nachonso chili ndi zizindikiro zake. Chimagwa kawirikawiri mu Juni ndi Julayi m'madera okwera monga Dedza ndi Nyika, makamaka usiku wopanda mitambo ndi mphepo. Mpweya wozizira ndi wolemera, motero umatsikira m'malo otsika. Dimba la m'dambo limapsa msanga kuposa la pakhonde la nyumba. Mukaona nyenyezi zikuwala kwambiri ndipo kunja kuli zii, fundikani nazale ndi udzu kapena matumba, ndi kuvundukula m'mawa. Anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje ali ndi vuto lina: chiperoni. Masiku a nkhungu ndi mvula yowaza imeneyi, kuthirira kuchepe chifukwa nthaka imakhala yonyowa kale.

Ntchito yonseyi siingatheke ndi munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anthu akakolola, mbuzi ndi nkhuku zimayenda momasuka, ndiye mpanda wa udzu kapena bango uyenera kumangidwa mbewu zisanamere. Kwathu bambo ndiwo amamanga mpanda ndi kutipula mabedi, mayi amafesa ndi kuwokera, ife ana timatunga madzi tisanapite kusukulu ndi kuyang'ana nsabwe kunsi kwa masamba a repu. Agogo amasunga mbewu ya mpiru ndi kutiuza usiku woopsa. Ndaona kuti mwana akapatsidwa bedi lakelake sachita kukumbutsidwa kuthirira. Komabe kugawa ntchito kuzichitika mwachilungamo. M'mabanja ambiri ndowa imasiyidwa kwa amayi ndi atsikana okha, ndipo iwo akadwala kapena kutanganidwa, dimba limauma.

Pomaliza, miyezi imeneyi masamba otentha monga bonongwe ndi chisoso amasowa, ndipo mabanja ambiri amadalira mfutso. Banja lomwe lagwirizana pa kathiriridwe limadya ndiwo zaziwisi mpaka mvula yoyamba, ndipo zotsala limagulitsa n'kupeza ya mchere ndi sopo.