Phunziro: Kulera mbande kuti ikhale mtengo

Mzinda wa Chipata wazunguliridwa ndi mapiri. Mukamachokera ku Kasenengwa mumawaona patsogolo panu. Ena ayamba kumera dazi chifukwa cha nkhuni, makala ndi kuotcha njerwa.

Mvula ikagwa paphiri la mitengo, imayamba yamenya masamba, kenako n'kudontha pang'onopang'ono. Masamba ogwa pansi amasunga chinyezi, mizu imagwira dothi, madzi n'kulowa pansi. Paphiri loyera madzi amangothamanga. Amakokolola dothi, amakumba zigwembe, amalowa m'makomboni, ndipo matope amakathera m'mitsinje.

M'Zambia nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, mvula itakhazikika. Tsikuli anthu amabwera ambiri kudzabzala mbande, ena atavala zakutchalitchi. Koma pofika Okutobala, ndani amapita kukazonda mbande zija?

Pobzala mbande, kumbani dzenje lofika m'bondo. Dothi lapamwamba, lakuda lija, muliike palokha. Lisakanizeni ndi manyowa owolerana bwino ndipo likhale loyamba kubwerera m'dzenje, chifukwa ndilo chakudya cha mizu. Manyowa aawisi amaotcha mizu. Ng'ambani chubu cha pulasitiki mosamala, dothi la mbande lisagumuke. Mukakwirira, pondani pang'ono, musiye kabeseni kosunga madzi.

Ntchito yeniyeni ili m'chilimwe. Anthu akakolola, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndipo mbuzi sidziwa kuti mbande iyi ndi ya komiti. Tchingani ndi minga kapena timitengo. Lambulani udzu mozungulira kuti lupsa lisafike. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, chifukwa umaitana chiswe. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo musataye, thirirani madzulo.

Mbande yopanda mwini imafa msanga. N'chifukwa chake ndi bwino kuti pamudzi, pasukulu kapena mumsewu wa m'komboni anthu agawane: banja ili mitengo isanu, ilo isanu, anyakwawa kapena apampando akudziwa.

Sankhaninso malo. Mango ndi mapeyala akhale pakhomo, kutali ndi khoma ndi mawaya a magetsi. Gliricidia, amene akatswiri a zaulimi a ku Msekera anamuyesa m'minda ya alimi, amabwezera chonde ndipo nthambi zake ndi nkhuni. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, choncho suphimba chimanga. Chitsa chophukira musachizule. Chili kale ndi mizu yakuya. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani.