Nthano ya madzulo ingathandize mwana pa mayeso a Chichewa

Ana ambiri okonzekera mayeso a MSCE amaloweza bwino tanthauzo la mpangankhani, pampondachimera ndi chifanifani, koma mukawapatsa nkhani kuti azipezemo zimenezi, mutu umaima. Kholo lingathandize apa, ngakhale lomwe sukulu silinapite nayo patali, poti zipangizo zonsezi zilimo m'nthano zomwe tinakula nazo.

Mukatha kudya madzulo, musimbireni mwanayo nthano ya chitsime. Kunagwa chilala, nyama zinapangana zokumba chitsime, Kalulu anakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera kudzatunga atapusitsa alonda ndi uchi, mpaka Kamba anamugwira, Kaluluyo atamatirira pamsana pake. Mukamaliza mufunseni kuti nkhaniyi ikuchitikira kuti komanso nyengo yanji. Akati "kuthengo", musakhutire. Chachikulu ndi chilalacho. Kukanakhala mvula, sikukanakhala chitsime, ndipo mlandu sukanabuka. Mwana aone yekha kuti malo ndi nthawi ndizo zabala kusamvana.

Pa ampangankhani ndiye mukhalitsepo. Akanena kuti Kalulu ndi wochenjera, funsani kuti waonera pati. Atchule zomwe Kalulu anachita, zomwe ananena, ndi zomwe nyama zinzake zinkanena za iye. Pa mayeso a MANEB, kutchula khalidwe popanda umboni wochokera m'nkhani n'kutaya malikisi. Funso lomwe ine ndimalikonda kwambiri ndi ili: "Bwanji Kamba wonyozeka uja anatha zomwe zinakanika zinyama zikuluzikulu?" Yankho lake ndilo mfundo yaikulu ya nthanoyi. Musamuuze. Ngakhale agone nalo funsolo, mawa adzabwera ndi yankho lakelake, ndipo limenelo sadzaliiwala.

Zina n'zachidule. Pampondachimera ndi pamene Kalulu wamatirira pamsana pa Kamba, omvera onse mitima ili m'mwamba. Nyama zoyankhula ndi kuchita msonkhano ngati anthu, umenewo ndi umunthu.

Zokometsera chiyankhulo simungazisowe pakhomo. Mpatseni mwana kope, alembemo kwa sabata imodzi zomwe akumva. Agogo akati mdzukulu wawo ndi wofatsa ngati nkhosa, chimenecho ndi chifanifani. Amayi akati "ndakuitana mpaka mawu atha", akokomeza. Wina akati mnzake ndi wa manja lende, ndi chining'a. Pansi pa chilichonse alembe chifukwa chomwe woyankhulayo sananenere mwachindunji, pakuti funso lomwelo adzakumana nalo pa ndakatulo.

Kenaka tengani buku. Nthondo, lomwe Samuel Josiah Nthara analemba ndipo linasindikizidwa mu 1933, ndi poyambira pabwino, chifukwa mpangankhani wamkulu amasintha moonekeratu, kuchoka pa mnyamata wovuta kufika pa mfumu. Awerenge mutu umodzi mokweza, atseke buku, akusimbireni tsatanetsatane wa zomwe zachitika. Pomwe wakakamira, atsegulenso n'kuwerenga ndime yomweyo kachiwiri.