Kuchirikiza Mbewu ndi Zitsulo

Mbewu zina siziima zokha. Matimati akabereka amalemera, kenaka amagwa. Nyemba zoyanga, kabaifa ndi nkhaka zimafuna pokwera. Tikazisiya pansi, zipatso zake zimagona pa dothi lonyowa nkuwola. Masamba nawo amagwidwa msanga ndi chiwawu chifukwa sauma. Munthu wathirira miyezi itatu, koma pothyola angopeza zowola. Nchifukwa chake timaika michirikizo.

Ambirife timachirikiza ndi timitengo, nsungwi kapena bango. Nzabwino ndithu, ndipo sizilira ndalama zambiri. Vuto lake ndi chiswe. Chiswe chimadya kamtengo kunsi, inu osaona. Tsiku la mphepo kamtengo kaja kathyoka, kagwa pamodzi ndi mbewu. Chaka chamawa mukadulanso tina. Komatu mitengo masiku ano ili kutali. Amayi otola nkhuni akudziwa bwino zimenezi.

Chitsulo chiswe sichidya. Mukachisamala chimakhala zaka zambiri. Chabwino ndi chitsulo chija amamangira nyumba, chonenepa mamilimita 8 kapena 10. Zidutswa zotsala pomanga zimapezeka kwa amisiri owotcherera ndi kwa ogulitsa zitsulo zakale. Chitsulo nchodula, tisanamizane. Tsono musafune kudzaza dimba lonse chaka chimodzi. Yambani ndi zisanu kapena khumi, zinazo muziwonjezera mukagulitsa ndiwo. Koma zitsulo za pa mlatho, za zikwangwani za pa msewu ndi za magetsi musakhudze. Kumeneko nkuba, ndipo kumaphetsa anthu.

Kazikidwe kake

Chitsulo cha matimati chitalike mita imodzi ndi theka, kapena mamita 2. Chilowe pansi masentimita 30. Chizikeni tsiku lomwe mukuwokera mbande, motalikira ndi mbande ngati chikhatho chimodzi. Mukadikira kuti mbewu ikule, chitsulo chidzadula mizu.

Pomanga gwiritsani ntchito luzi, chingwe cha khonje kapena kansanza. Waya ayi, chifukwa amacheka tsinde. Kulungani chingwe ku chitsulo, chipingasitseni pakati, kenaka chizungulire tsinde. Chioneke ngati nambala 8. Musamange kolimba. Siyani mpata woti chala chilowe, pakuti tsinde likukulabe. Mbewu ikamatalika muzimanganso pamwamba, ndipo muzichotsa mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba.

Kamangidwe ka nambala 8 kali ndi ntchito inanso. Mwezi wa Okotobala chitsulo chimatentha kwambiri masana. Chikhudzeni nokha mumve. Tsinde lanthete likatsamira pamenepo limapsa. Chingwe chopingasa chija chimalekanitsa tsinde ndi chitsulo.

Nsonga ya chitsulo njoopsa. Munthu powerama kuti apalire akhoza kudzilasa m'diso. Ana othamanga m'munda ndiye koposa. Vindikirani nsonga ndi kachitini kapena kabotolo. Koma njira yabwino ndiyo kupempha mmisiri kuti apinde nsongayo ikhale ngati mphete kapena ngati chogwirira cha ndodo ya agogo. Ikapindidwa choncho siilasa, ndipo imakongola.

Mbewu za m'zidebe

Amene alibe dimba asadandaule. Ndowa yakale kapena chidebe cha malita 20 chikwanira tsinde limodzi la matimati. Boolani kunsi kuti madzi azituluka. Thirani dothi losakaniza ndi manyowa owolerana bwino.

M'chidebe dothi ndi lochepa, motero chitsulo chimodzi chimapendama. Kumbukirani mafuwa: mphika sukhala pa fuwa limodzi. Zikani zitsulo zitatu m'mbali mwa chidebe mpaka zigunde kunsi, nkuzimanga pamodzi pamwamba. Apa waya aloledwa, chifukwa akumanga zitsulo zokhazokha. Zitsulo za m'chidebe zikhale zopyapyala ndi zofupikirapo, kuopa kuti mphepo ingagwetse chidebe. Ena amabzalamo maluwa oyanga nkuika pakhonde. Ngakhale maluwa atauma, zitsulo zopindidwa bwino ndi zopakidwa penti zimaonekabe bwino pakhomo.

Chaka chonse

Chitsulo chisagone m'nyumba. M'dzinja, mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, chipatseni nyemba zoyanga ndi nkhaka. Mvula ikatha, kuyambira Epulo kapena Meyi, ndi nthawi yabwino ya matimati a ku dimba, chifukwa chiwawu chimachepa. M'chilimwe chibwere pafupi ndi nyumba, m'zidebe zimene mungathe kuthirira ndi madzi ochepa. Musabzale matimati pamalo amodzimodzi kawiri motsatizana. Zulani chitsulo, chitsate mbewu kumene yapita.

Musanachizike pa mbewu ina, chitsukeni ndi madzi a sopo, nkuchiyanika pa dzuwa. Dothi ndi zinyalala za mbewu yodwala zimakakamira ku chitsulo, ndipo zimatenga matenda kupita nawo kwina. Apa chitsulo chiposa nsungwi, chifukwa sichivuta kutsuka.

Mdani wa chitsulo ndi dzimbiri. Dzimbiri lochepa siliwononga mbewu, koma pakapita zaka limadya chitsulo, makamaka pamene chakhudzana ndi dothi. Likwecheni ndi mchenga kapena mwala, chitsulo chiume, nkupaka penti. Oyilo wakale wa galimoto musapake. Amaipitsa dothi limene mukulimamo chakudya.

Mdani wina ali ndi miyendo iwiri. Zitsulo zakale zili ndi malonda, ndiye ku dimba lakutali zikhoza kusowa usiku umodzi. Ngati dimba lanu lili kutali, kumeneko ikani nsungwi. Zitsulo zikhale m'munda wa pakhomo, pamene maso akufika.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani tiyenera kuzika chitsulo tsiku lowokera mbande?
2. Jambulani m'kope mwanu kamangidwe ka chingwe pa tsinde la matimati.
3. Muli ndi mbande 24 ndi zitsulo 10. Mufuna nsungwi zingati kuti mbande iliyonse ikhale ndi mchirikizo wake?