Masewera a Nthano pa Tebulo: Oyenera Ana Aang'ono Ndi Ati?

Sabata yatha pa pulogalamu ino tinakamba za zimene ana angachite m'nyumba mvula ikawatsekera, ndipo ndinatchulako masewera a nthano osewerera pa tebulo, aja amagulitsidwa pa dzina lakuti role-playing games. Makalata abwera ambiri, ena a papepala, ena a pa WhatsApp, ndipo lero ndiyankha amene nthawi itilole.

Amene simunalipo, masewerawa amayenda chonchi. Anthu atatu kapena anayi amakhala pa tebulo, kaya pamphasa. Mmodzi ndi wotsogolera nthano, amene amafotokoza malo, anthu ndi vuto limene lagwa. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, n'kumanena yekha zimene munthu wakeyo achite. Chinthu chikakhala chokayikitsa, monga kulumpha mtsinje kapena kunyengerera mlonda, amaponya dayisi kuti aone ngati zatheka. Osewera sapikisana, onse ali mbali imodzi.

Kalata yoyamba yachokera ku Leeds, ku England. Akuti: "Ndine mayi wa ana awiri, wamkulu wa zaka 11, wamng'ono wa zaka 5. Wamkuluyo sakundigonetsa tulo, akufuna Dungeons & Dragons chifukwa anzake amasewera kusukulu. Kodi ndigule bokosi limodzi kuti azisewera onse awiri?"

Mayi, zikomo potikumbukira muli kutali. Wamkuluyo mugulireni ndithu, koma wamng'onoyo musamuike pamenepo. Dungeons & Dragons inatuluka mu 1974 ku America, ndipo anaikonza ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, amuna amene ankakonda masewera a nkhondo za tizidole ta asilikali. Sankaganizira mwana wa ku mkombaphala. Mpaka lero, pa bokosi la oyamba kumene analembapo zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo buku la osewera limapitirira masamba 300. Kuti munthu wako amenye chilombo, uponye dayisi ya mbali 20, uwonkhetse ndi manambala ena a papepala lako, ufanizire ndi nambala ya chilombocho, kenako uponyenso ina kuti udziwe kukula kwa bala. Mwana wa zaka 11 zimenezi amazikonda, mwinanso kuposa nthano yeniyeniyo. Wa zaka 5 akamadikira nthawi yake, mudzamupeza ali pansi pa tebulo.

Ngati mukufuna kuti azikhalira limodzi, funani masewera otchedwa No Thank You, Evil! Anawatulutsa a Monte Cook Games mu 2016, olemba ake ndi Shanna Germain ndi Monte Cook, ndipo ndi a ana kuyambira zaka 5. Chimene ndimawakondera n'chakuti anaganizira banja longa lanulo. Mwana wamng'ono amangonena kuti munthu wake ndi ndani, tinene kuti mwana wa mfumu, basi wayamba. Wokulirapo amawonjeza khalidwe la munthuyo, kaya ndi wachangu kapena wanzeru. Wamkulu amawonjezanso luso lapadera. Onsewa amasewera nthano imodzi pa tebulo limodzi, aliyense ndi katundu wolingana ndi msinkhu wake. Dayisi ndi imodzi, ya mbali 6. Ndipo mwa mphamvu zinayi zimene munthu aliyense ali nazo, imodzi ntchito yake ndi kuthandiza mnzako basi. Pa abale awiri amene amalimbirana chilichonse, lamulo limeneli ndi lamtengo wapatali.

Ena amene mungayese ndi Hero Kids, a Justin Halliday wa ku Australia, amene anatuluka mu 2012 kulinga ana a zaka 4 mpaka 10. M'menemo mulibe kuwonkhetsa. Womenya aponye madayisi ake, wodziteteza aponye ake, ndiye muone nambala yaikulu ya mbali iliyonse. Mwana amene wadziwa kuti 5 imaposa 3 akhoza kusewera. Nthano imodzi imatha pasanakwane ola. Chokhacho, Hero Kids yatsamira kwambiri pa kumenyana ndi zilombo, kuyambira makoswe akuluakulu a m'nthano yoyamba. Ana ena zimawasangalatsa, ena ayi. Mwana wanu mukumudziwa ndinu.

Kalata yachiwiri ndiiwerenga yonse, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri mumaganiza zomwezi koma simunalembe. Yachokera ku Zomba. "Ndine mkulu wa mpingo ndiponso gogo wa adzukulu asanu. Mdzukulu wanga wabwera ndi buku kuchokera ku Joni lodzaza zithunzi za afiti, zinjoka ndi mafupa oyenda. Inu mukuti ndi masewera. Kodi si njira yophunzitsira ana ufiti imeneyi?"

Agogo, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri. Si inu oyamba kuda nkhawa. Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980, makolo ndi mipingo yambiri inachita mantha ndi Dungeons & Dragons. Mayi wina dzina lake Patricia Pulling, mwana wake atadzipha mu 1982, anakhulupirira kuti masewerawa ndiwo anachititsa. Anasumira kampani ya TSR imene inkawasindikiza, koma khoti linauthetsa mlanduwo. Mu 1983 anayambitsa bungwe lolimbana nawo lotchedwa Bothered About Dungeons & Dragons. Phokoso linakula moti potulutsa malamulo atsopano mu 1989, kampaniyo inachotsa mayina a ziwanda ndi adyerekezi m'mabuku ake.

Tsono ine ndikuti, tsegulani bukulo muwerenge nokha, kapena wina akuwerengereni. Pamene alemba za matsenga mupeza malamulo a masewera: moto uwu umafika mtunda wakuti, ponyani madayisi angapo. Mulibe mankhwala, mulibe mawu olodzera, mulibe chizimba. Pamenepo mtima wanu ukhale m'malo.

Koma pali ziwiri zimene ndikugwirizana nanu. Zithunzi zimenezo anajambulira akuluakulu ndi achinyamata, ndipo mwana wa zaka 4 kapena 6 zikhoza kumulotetsa zoopsa. Bukulo likhale pamwamba, kutali ndi aang'ono. Chachiwiri, kwathu kuno mawu akuti mfiti si oseweretsa. Tonse tamvapo za ana ndi okalamba amene azunzidwa chifukwa chonamiziridwa. Mwana akapita kusukulu n'kukauza anzake kuti dzulo anali mfiti ndipo anaponya moto, si onse amene adzamve kuti ankasewera. Choncho ine sindingalimbikitse kuti mwana wamng'ono wa pa mudzi kapena wa m'tauni mwathu muno atenge munthu wotero. Ndipo palibe chokakamiza. Nthano ili m'manja mwa wotsogolera. Adzukulu anu akhoza kukhala oyendetsa sitima ya panyanja, madokotala a nyama, apolisi ofufuza mbuzi yosowa, ngakhale opita ku mwezi. Agogo, mutakhala inuyo wotsogolera, palibe chimene chingalowe m'nthanomo popanda chilolezo chanu.

Kuchokera ku Dedza, mphunzitsi wa Sitandade 2 akuti: "Zonse mwatchulazi kuno kulibe, ndipo ngakhale zikanakhalapo ndalama yake sindingaipeze. Ana anga angoti zii?"

Ayi aphunzitsi, asangoti zii. Pa funso lanuli ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Bokosi lokongola silimene limasangalatsa mwana. Chimene chimamugwira mtima n'chakuti wamkulu wamufunsa kuti "uchita chiyani?" ndipo yankho lake lasinthadi nthano.

Masewera osavuta kuposa onse amene ndimawadziwa ndi Amazing Tales, amene Martin Lloyd anawakonza posewera ndi mwana wake wamkazi wa zaka 4. Mwana amasankha munthu wake ndi zinthu zinayi zimene munthuyo amatha. Chimene amachitha koposa chimalandira dayisi ya mbali 12, chotsatira ya mbali 10, kenako 8, chomaliza 6. Akaponya n'kupeza 3 kapena kuposa, zatheka. Malamulo ndi omwewo. Buku la masewerawa, komanso la Hero Kids, limagulitsidwa pa intaneti ngati PDF, moti amene ali ndi mpata akhoza kuwerengera pa foni kapena kupulinta masamba ochepa okha.

Inu amene mulibe mpata umenewo, tengani dayisi ya ludo. 1 ndi 2 zakanika, 3 mpaka 6 zatheka, kutanthauza kuti mwana azipambana kawiri pa katatu kalikonse. Pa chinthu chimene munthu wake amachidziwa bwino, aponye kawiri n'kutenga nambala yaikulu. Mwana aliyense ajambule munthu wake pa pepala la m'kope. Zitsekerero za mabotolo zikhale anthu, mapu mujambule ndi choko pa simenti.

Nanga nthano muitenga kuti? Muli nazo kale. Tinene kuti kwagwa chilala, nyama zakumba chitsime, ndipo usiku wina akumaba madzi. Mwana uyu ndi Fulu, uyo ndi Gologolo, winayo ndi Nungu. Inu muziti, "Mwezi watuluka, mwamva tswa tswa m'tchire. Gologolo, uchita chiyani?" Akati akwera mumtengo kuti aone, aponye dayisi. Akati amuitana wakubayo kuti adye naye mtedza, musamuletse chifukwa choti nthano ya agogo sinathe choncho. Masewerawa ali ngati nthano ya pabwalo, kungoti omvera sathera pa kuyankha kuti tili tonse, amagwira nawo chiwongolero. Apa ndi pamene akuluakulu ambiri amalephera. Amabwera ndi mathero awo m'thumba, ndiye mwana akapatuka amamubwezera pamzere. Mwana amazindikira msanga kuti mawu ake alibe ntchito, ndipo sabweranso.

Chenjezo limodzi, aphunzitsi. Kalasi yonse singasewere nthawi imodzi. Ana atatu kapena anayi pa gulu ndi okwana, ndipo kwa a zaka 6 ndi 7 theka la ola ndi lokwanira. Lekezani akadafuna, musadikire kuti ayambe kuyasamula. Mukasewera nawo kangapo, ana a Sitandade 6 kapena 7 akhoza kutsogolera magulu a ang'ono awo, ndipo mudzadabwa nthano zimene adzapeke.

Bambo wina wa ku Kitwe, ku Zambia, walemba mwachidule: "Mwana wanga wa zaka 6 amalira dayisi ikamukana. Tsiku lina munthu wake anafa, analira mpaka kugona osadya. Ndisiye?"

Bambo, musasiye, koma sinthani kaseweredwe. Kwa mwana wa msinkhu umenewu, munthu amene wamujambula ndi kumupatsa dzina si pepala chabe, ndi mnzake. Musamuphe. Masewera abwino a ana anaziona kale zimenezi. Mu Hero Kids ndi mu No Thank You, Evil! munthu mphamvu zikamuthera amangokomoka, kenako amadzuka. Posankha masewera, tsegulani pamene alemba za kugonja muone chimene chimachitika. Ngati yankho lake ndi imfa, asungireni mwana akadzakula. Mwachitsanzo Mausritter, masewera a timbewa tonyamula malupanga, amaoneka ngati a ana, koma timbewato timafa msanga, ndipo ine ndingawapereke kwa amene adutsa zaka 10.

Za dayisi yokana, musamati "walephera, wotsatira." Kukanika kubale nkhani ina. Amafuna kulumpha mtsinje, wagwera m'madzi, ndipo madziwo amukokera ku phanga kumene wapeza mapazi a wakuba uja. Mwana akaona kuti nambala yaing'ono imatsegula khomo lina, amayamba kuiseka. Komanso mupatseni njira yoimitsira nthano ikafika pomuopsa. Dzina la masewera aja, No Thank You, Evil!, ndi mawu amene mwana amanena kuti choopsacho chichoke, ndipo wotsogolera amayenera kumvera. Inunso gwirizanani mawu anu kunyumba, ndipo akawanena muziwalemekeza, osamuseka kuti ndi wamantha.

Mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe akufunsa ngati alipo masewera opanda ndewu, poti ana awo aakazi ndi aamuna omwe sakonda zomenyana. Alipo, mayi. Mu Magical Kitties Save the Day, a kampani ya Atlas Games, ana amakhala amphaka amene amathetsa mavuto a eni ake mobisa. Mu My Little Pony: Tails of Equestria, a 2017, osewera amakhala ndi tizindikiro taubwenzi timene amapereka kuti apulumutse mnzawo dayisi ikamukana. Amazing Tales nayonso imayenda bwinobwino popanda nkhonya ngakhale imodzi.

Womaliza ndi uthenga wa pa foni wochokera ku Harare: "Mwana wa zaka 2 angakhale nawo?" Akhale pamiyendo panu azimvera, azilira ngati fisi mukamupempha, koma dayisi ndi zitsekerero zisafike m'manja mwake, chifukwa mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa ndipo zikhoza kumutsamwa. Ngati akulirira kuponya nawo, mupangireni dayisi yaikulu ya katoni, muilembe madontho ndi makala.

Nthawi yatithera. Makalata a ku Mangochi ndi ku Chipata onena za ana amene sadziwa kuwerenga ndiyamba nawo sabata yamawa.