Sefa za M'kati mwa Wailesi ndi Foni: Mafunso ndi Mayankho

Funso: Wailesi ikufuniranji sefa?

Yankho: Eriyo ilibe tsankho. Imakola chilichonse chodutsa mumlengalenga: masiteshoni onse a FM kuyambira 87.5 mpaka 108 MHz, mafunde a mafoni, a ndege, ngakhale phokoso la makina owotcherera zitsulo. Pomwe inu mukufuna siteshoni imodzi yokha. Chovuta kwambiri ndi kusiyana kwa mphamvu. Malamulo a mafoni a GSM amafuna kuti foni izimva uthenga wake ngakhale patabwera mafunde achilendo oposa uthengawo mphamvu kuwirikiza pafupifupi 10 biliyoni. Zili ngati kumva kunong'ona muli m'chigayo.

Funso: Mawailesi akale ankathana nazo bwanji?

Yankho: Mu 1918 Edwin Armstrong anakonza njira yotchedwa superheterodyne. M'malo mosefa siteshoni iliyonse pamalo ake, wailesi imasakaniza mafunde obwerawo ndi ena amene imadzipangira yokha, n'kuwatsitsira onse pa nambala imodzi yosasintha: 10.7 MHz pa FM, 455 kHz pa AM. Pamenepo pamakhala sefa imodzi yabwino yoyembekezera.

Koma njirayi ili ndi chithunzithunzi chake. Mukatchera pa 100 MHz, wailesi imapanga 110.7 MHz. Tsono 121.4 MHz nayonso yasiyana ndi 110.7 ndi 10.7 yomweyo, choncho imalowa ngati mwini nyumba. Nambala imeneyi ili m'chigawo chimene oyendetsa ndege amalankhulirana. Sefa ya pambuyo singasiyanitse awiriwa, chifukwa afika atavala malaya amodzi. Mlendoyo ayenera kukanizidwa pakhomo, asanasakanizidwe.

Funso: Bwanji osangoika sefa zonsezo m'kati mwa chip?

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani. Sefa yakuthwa imafuna makoyilo osataya mphamvu, koma koyilo yojambulidwa pa silicon imataya kwambiri, ndipo imadya malo. Sefa yotere ili ngati yoboola maso akuluakulu: ufa umadutsa, gaga nayenso amadutsa. N'chifukwa chake mafoni mpaka lero amanyamula tisefa tapadera kunja kwa chip, totchedwa SAW ndi BAW, timene timasandutsa mafunde a magetsi kukhala kunjenjemera kwa kamwala kenaka n'kuwabweza. Timagwira bwino, koma kalikonse kamadziwa chigawo chimodzi chokha, ndiye foni ya 4G yogwira zigawo zambiri imafuna tambirimbiri. Mtengo umakwerera pomwepo.

Akatswiri anazemba vutoli potsitsa nambala yosasintha ija. Chip cha Philips chotchedwa TDA7000 chinaitsitsa kufika pa 70 kHz, pomwe sefa imatheka popanda koyilo. Ena anaitsitsa mpaka pa ziro. Chithunzithunzi chija amachifafaniza pogawa mafunde m'njira ziwiri zosiyana kayendedwe, kuti pokumananso chosafunikacho chidzidye chokha. Njira ziwirizo zikangosiyana mphamvu pang'ono, chimatsalako.

Funso: Pali sefa ya m'chip yotha kusuntha?

Yankho: Ilipo, dzina lake N-path. Franks ndi Sandberg a ku Bell Labs anaifotokoza mu 1960, koma inadikira zaka pafupifupi 50 kuti ma transistor afike pa liwiro loyenera. Gulu la Bram Nauta ndi Eric Klumperink ku yunivesite ya Twente, ku Netherlands, linathandiza kwambiri kuitsitsimutsa. Ndi timaswitchi ndi ma capacitor basi. Mukasintha liwiro la timaswitchi, sefa imasamukira pa nambala ina.

Funso: Kodi pulogalamu ya kompyuta singachotse phokosolo pamapeto?

Yankho: Ambiri amaganiza choncho, ndipo amalakwa. Sefa za manambala n'zakuthwadi, koma zimabwera mochedwa. Mafunde amphamvu akadzaza chokuzira choyamba, chimagontha, n'kuyamba kubereka mafunde abodza amene ena amagwera pa siteshoni yanu yeniyeni. Zikatero palibenso chosefa. Ndiye chifukwa chake wailesi yotchipa imasokonekera mukayandikira mlongoti wa siteshoni, pamalo pomwe mumayembekezera kuti imveka bwino koposa.

Funso: Nanga kulira kwa "tu-tu-tu" foni ikakhala pafupi ndi sipika?

Yankho: Kumeneko sikudzera pa eriyo. Foni ya GSM imaulutsa modukizadukiza, ka 217 pa sekondi, ndipo mawaya a sipika amakola kudukizako. Isuntheni foniyo, kapena fupikitsani mawayawo.