Mfundo yogwira pamwera: mafunso ndi mayankho

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera ku Senga Bay, kwa Mfumu Yaikulu Maganga. Bambo awa akuti usiku wina wa mwera boti lawo linamasuka pachikhomo, m'mawa anakalipeza likumenyetseka pamiyala, chonsecho anamanga mfundo zambirimbiri. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

KATSWIRI: Pepani kwambiri bambo, boti ndiye munda wa msodzi. Koma kuchuluka kwa mfundo si kulimba kwake ayi. Ndikuganiza kuti munayamba ndi ija tinaizolowera tonse, yozunguliza kawiri mopingasa n'kupisa nsonga pansi, imene amalinyero amati clove hitch. Ndi yachangu, ndipo imagwira bwino chingwe chikamakokedwa mbali imodzi osaleka. Tsono mwera, umene umavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, sukoka choncho. Funde likabwera chingwe chimakungika, likabwerera chimakhwepa, boti n'kumapita uku ndi uku usiku wonse. Mfundo ija imasuntha pang'onopang'ono mpaka nsonga kupululuka, makamaka pa chingwe cha nayiloni chimene chimaterera chikanyowa.

WOULUTSA: Nanga amange bwanji?

KATSWIRI: Amene muli ndi kachingwe pafupi, tengani tichitire limodzi pamwendo wa mpando. Zungulizani kawiri kathunthu, osapingasa. Mwaona? Kulemera konse kwagwidwa kale ndi mizere iwiriyo, moti nsonga mutha kuigwira ndi zala ziwiri zokha. Tsopano nsongayo idutse pamwamba pa chingwe chopita kuboti, ichizungulire, itulukire pa kampata kamene kapangika, mukoke. Bwerezani kachiwiri, kulowera mbali yomweyo, ndipo musiye mchira wotalika kuposa chikhatho. Chimene ndimaikondera mfundo imeneyi n'chakuti imamasulika ngakhale chingwe chili chokungika. Nyanja ikakalipa ndipo mukufuna kuchotsa boti msanga mumdima, simufunafuna mpeni. Ndaonapo anyamata akulimbana ndi mulu wa mfundo zonyowa ndi mano, madzi akulowa m'boti, ndipo zimandiwawa chifukwa kuphunzira mfundo imeneyi sikutenga n'komwe nthawi.

WOULUTSA: Mayi ena ogulitsa usipa akuti matumba amapendekeka panjinga asanafike n'komwe pa Kamuzu Road.

KATSWIRI: Mayi, tengerani nzeru kwa madalaivala a malole. Mangani nsonga imodzi pakaliyala, chingwe chidutse pamwamba pa katundu. Mbali inayo, chisanafike pansi, pindani kakhosi pakati pa chingwe. Nsonga ikakole kaliyala kunsi, ibwerere m'mwamba, ilowe m'kakhosi kaja, ndiye mukokere pansi. Mudzadabwa mmene chikungikire ndi mphamvu zochepa. Tsinani pamenepo ndi chala, mutseke ndi timfundo tiwiri tija ndafotokoza. Koma chonde, usipa wouma suchedwa kufumbutuka. Ikani katoni kapena chiguduli pomwe chingwe chikudutsa, ndipo musakoke mpaka thumba kulira, mungakafike kumsika ndi ufa wa usipa.

WOULUTSA: Mnyamata wina wa ku Lifuwu akuti mbuzi yake inadzipotokola pachingwe.

KATSWIRI: Mwanawe, unamanga khwekhwe. Mfundo zomwe takambazi n'zapamtengo, chifukwa zimathina zikakokedwa. M'khosi mwa chiweto mumafunika khosi la chingwe losathina, lotsala mpata wolowa zala ziwiri. Pempha mkulu aliyense wa padoko akuonetse ndi manja, pawailesi ndingakusokoneze.

WOULUTSA: Lomaliza: kodi mfundo imafooketsa chingwe?

KATSWIRI: Eya, mfundo iliyonse, ndipo zina zimachotsa mphamvu yofika theka. N'chifukwa chake chingwe chimakonda kudukira pamfundo pomwepo. Dzuwa la kugombe nalonso limadya zingwe zapulasitiki. Chipotozeni m'manja, mukaona chikuyoyoka tinyenyeswa, chichotseni panangula, chikakhale choyanikira zovala. Chatsopano mukadula, wotchani nsonga pamoto pang'ono kuti isayoyoke.

WOULUTSA: Makalata otsalawa, okhudza kulumikiza zingwe za chilimira, tidzawawerenga sabata yamawa.