Phunziro la mwezi uno: Mwana amene amaopa sukulu

Kuwerenga: Marko 10:13-16, 1 Atesalonika 5:14

M'mipingo mwathu muli makomo ena amene mmawa uliwonse mumamveka kulira. Anzake akupita ku sukulu, mwana wina wabisala kuseri kwa chitseko, watseka makutu, akudandaula m'mimba. Likafika Loweruka ali bwinobwino. Oyandikana nawo amati ndi mwano, ena amati mayi wake amamulekerera, enanso amati analodzedwa. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikuti: ana ambiri otere si amwano, ali ndi mantha. Lero tikambirana makamaka za ana amene ali ndi autism.

Autism nchiyani?

Ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumaonekera mwana akadali wamng'ono. Dokotala Leo Kanner wa ku America analemba za ana otere mu 1943. Mwanayo amavutika kucheza ndi anzake, sakonda kuyang'ana munthu m'maso, amafuna zinthu zizichitika chimodzimodzi tsiku lililonse, ndipo phokoso, fungo kapena kukhudzidwa zimamupweteka kuposa ana ena. Ena salankhula, ena amalankhula bwino ndipo amakhoza m'kalasi. Si ufiti, si chilango cha Mulungu, si kulephera kwa mayi, ndiponso siyambitsidwa ndi katemera. Mwanayo adzakula nayo, koma akathandizidwa amaphunzira.

Chimamuopsa nchiyani ku sukulu?

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ngodzaza, ena ana oposa 100. Taganizani mwana amene phokoso limamulasa m'makutu ali pakati pa khamu lotere: chitsulo chikulira, ana akuyankha mofuula onse pamodzi, pa mzere wa phala akukankhana. Mwina aphunzitsi asintha osamuuza. Mwina anzake amamuseka. Mwina ndi fungo la kuchimbudzi kapena yunifolomu yomuyabwa. Ena amapirira tsiku lonse ali phee, nkudzaphulika atafika kunyumba, ndiye aphunzitsi amati, “Kunotu alibe vuto.” Kupweteka kwa m'mimba kapena mutu si bodza. Nkhawa imapwetekadi m'thupi.

Zimene kholo lingachite

1. Yambani ndi kuchipatala, kuti aone ngati palibe malungo, njoka za m'mimba, khutu kapena dzino lopweteka. Mwana wosatha kufotokoza amaonetsa ululu mwa kukana. Ngati amakomoka nenani msanga, chifukwa ana ena a autism amakhalanso ndi khunyu, ndipo khunyu ili ndi mankhwala.

2. Musamumenye, musamukoke pamsewu, musamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Chikwapu chikhoza kumufikitsa pa sukulu lero, koma mantha amawonjezeka mawa.

3. Kwa masabata awiri lembani m'kope tsiku limene wakana ndi zimene zinachitika dzulo lake. Mudzaona kuti vuto limabwera pa nthawi zodziwika, monga Lolemba kapena tsiku la mayeso. Musamufunse mmawa akulira. Mufunseni madzulo mtima uli pansi, kapena mumupatse pepala ajambule.

4. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu pamodzi ndi a m'kalasi mwake. Pemphani zinthu zazing'ono zosafuna ndalama: akhale pafupi ndi chitseko, alowe asembule itatha, akhale ndi malo a phee opumirako, pakhale mphunzitsi mmodzi womulandira, ndipo aziuzidwiratu zinthu zikamasintha. Funsaninso ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

5. Abwerere pang'onopang'ono. Pitani naye Loweruka kulibe anthu, aone kalasi. Kenako akhale ola limodzi, kenako mpaka nthawi ya buleki, kenako tsiku lonse. Akalephera, bwererani pa sitepe imene anatha. Mukalonjeza kudzamutenga 9 koloko, fikani 9 koloko, pakuti mukamunamiza kamodzi mwagwetsa zonse.

6. Mmawa uzikhala wofanana: kudzuka, kusamba, kudya, kuvala, njira yomweyo. Zithunzi zoonetsa ndondomekoyi pakhoma zimathandiza kuposa mawu ambiri.

Tichenjezane pano. Chifundo chingatipangitse kunena kuti, “Angokhala pakhomo.” Masiku ochepa opuma ngabwino mwana akatopa kwambiri, koma akakhalitsa miyezi kubwerera kumavuta koposa, ndipo ambiri amalekeratu sukulu. Kumukakamiza nkulakwa, kumutaya nkulakwanso. Njira ndi kuchepetsa chimene chikumuopsa, nkumayenda naye.

Udindo wathu

M'ndime ya Marko, ophunzira anaona ana ngati osokoneza, koma Ambuye Yesu anakwiyira owaletsawo, nawalandira anawo. Paulo naye akusiyanitsa aulesi ofunika kuwadzudzula ndi amantha ofunika kuwalimbikitsa. Tisasokoneze awiriwa.

Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union mu 1876 ku England kuti amayi azithandizana kulera ana, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu ndi kuthandiza mabanja amene akumana ndi zovuta. Mayi wa mwana wotere amakhala wotopa, geni yake imaima, nthawi zina bambo amamuloza chala. Timuperekeze kwa aphunzitsi aakulu. Timugwirire ntchito ina mmawa. Ife amene tili m'magulu a amayi a pa sukulu tikalankhulepo. Ku Sande Sukulu mwanayo akatseka makutu, tisamutulutse ngati wosokoneza. Ndipo miseche ya ufiti ithere pa ife.

Mafunso okambirana

1. Kodi mumpingo mwathu muli mwana amene anasiya sukulu ndipo sitinafunsepo chifukwa chake?
2. Ndi mawu ati amene timanena amene amalasa mayi wa mwana wotere?
3. Ndani mwa ife amuyendere mayiyo sabata ino?

Pemphero

Ambuye Yesu, amene munalandira ana, khalani ndi ana onse amene amadzuka ndi mantha. Patsani makolo ndi aphunzitsi awo kuleza mtima, ndipo mutitume ife kukawathandiza. Amen.